Mtima Uyenera Kuyezedwa, Koma Muyeso Wokha Suchiritsa

Mlimi wa fodya wa fuluu wa kwa Kaomba, m'zidikha za Kasungu, akadzaza masamba m'balani nasonkha moto, sakhulupirira dzanja lake. Angathe kukhudza khoma, angathenso kusuzumira pa kazenera, koma chimene chimamuuza zoona ndi choyezera kutentha chimene adachipachika m'kati, pakati penipeni pa fodyayo. Masiku oyamba kutentha kumayenera kukhala pa madigiri 35 kapena kupitirirapo pang'ono kuti tsamba lichite chikasu, ndipo masiku otsiriza amakukweza mpaka pafupi ndi madigiri 70 kuti misana ya masamba iume. Akaphonya, thukuta la chaka chonse limapita pachabe, ndipo ku okushoni ku Chinkhoma mabelo ake amagulidwa pa mtengo wobwerera nawo kumudzi ali ndwii. Ngakhale kumsikako palibe amene amalandira ndalama mongoyerekeza, pakuti belo lililonse limayamba lakwera pa sikelo.

Nzeru yomweyi, yakuti chinthu cha mtengo wapatali chiyenera kuyezedwa m'kati mwake, ndiyo idatsogolera madokotala kupanga kachubu kakang'ono, kofeŵa ndi kakatali, kamene amakaloŵetsa mu mtsempha wa magazi mpaka kakafike mu mtima wa munthu wamoyo. M'Chingerezi kachubuka amakatcha catheter. Ambiri adalimvapo dzinali chifukwa cha kachubu kena kothandiza odwala kutaya madzi, koma kamene kakukambidwa pano ntchito yake ndi kuyeza mphamvu imene magazi akukankhira m'zipinda za mtima ndi m'mitsempha ya ku mapapo, ndiponso kuchuluka kwa magazi amene mtimawo ukupopa. Mbiri ya kachipangizo kameneka ili ndi maphunziro aŵiri amene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ayenera kuwasunga. Loyamba nlakuti mtima uyenera kuyezedwa. Lachiŵiri, limene ngakhale madokotala adachedwa kulimvetsa, nlakuti muyeso wokha suchiritsa munthu, ndipo dziko losauka likasokoneza ndondomeko ya zoyezera zake limataya ndalama pamodzi ndi miyoyo.

Kukankha ndi kuyenda kwa magazi

Nthenda imene anthu amaitcha BP pa Chicheŵa idapatsidwa dzina lakuti kuthamanga kwa magazi, ndipo dzinali, ngakhale lidazoloŵereka, limasokeretsa pang'ono. Chimene chimayezedwa si liŵiro ai, koma mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Mwana aliyense amene adathirirapo nazale ya fodya ndi paipi akudziŵa kusiyana kwake. Akafinya kukamwa kwa paipiyo ndi chala, madzi amatuluka mwaukali nafika patali, koma ndowa siidzala msanga kuposa poyamba. Kukankha kwakula, koma madzi otuluka sadachuluke. M'thupi zimateronso: munthu angathe kukhala ndi magazi okankha mwamphamvu pamene mtima wake ukupopa ochepa, ndipo wina angathe kukhala ndi magazi oyenda ambiri koma okankha mofooka. Tsono dokotala wofuna kuthandiza wodwala wakayakaya amafunika kudziŵa zonse ziŵiri.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziŵiri kumanja ndi ziŵiri kumanzere. Mbali ya kumanja imalandira magazi ochokera m'thupi, amene mpweya wake wabwino watha, niwapopera ku mapapo. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera ku mapapo niwakankhira ku thupi lonse. Pa makomo a zipindazi pali tizitseko totsegukira mbali imodzi yokha, kuti magazi asabwerere kumene achokera. Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala pansi umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi imodzi. Pa tsiku lathunthu ameneŵa ndi malita 7,200, ndiye kuti migolo 36 ya malita 200, ntchito imene ngakhale ng'ombe zapangolo zingaione kukula.

Lamba uja amamanga pamkono ku chipatala adamupanga ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkov, adapeza njira yomvetsera kugunda kwa magazi pansi pa lambayo. Lamba ameneyu amayeza ntchito ya mbali ya kumanzere yokha, ndipo mwa munthu wabwinobwino amaonetsa manambala oyandikira 120 pa 80. Koma mu mtsempha wopita ku mapapo magazi amakankha pang'ono chabe, pafupifupi 25 pa 10, ndipo palibe lamba amene angamangidwe pamenepo. Kwa zaka zambiri madokotala ankangoyerekeza za mbali imeneyi, monga mlimi wokhudza khoma la balani ali panja.

Kuchokera kwa kavalo kufika kwa munthu

Oyamba kuyeza magazi m'kati mwa mtsempha adayesera pa nyama. Mbusa wina wa mpingo wa Anglican ku England, Stephen Hales, adalumikiza chubu chagalasi chachitali ku mtsempha wa kavalo, naona magazi akukwera kupitirira mapazi 8. Adalemba zimenezi mu 1733. Mu 1844 katswiri wa ku France, Claude Bernard, adaloŵetsa choyezera kutentha kudzera m'mitsempha ya m'khosi mwa kavalo mpaka m'zipinda za mtima. Mu 1870 Mjeremani wina, Adolf Fick, adaonetsa mwa masamu kuti kuchuluka kwa magazi amene mtima ukupopa kungadziŵike poyerekeza mpweya wabwino umene uli m'magazi oloŵa m'mapapo ndi umene uli m'magazi otulukamo. Masamuwo adali olondola, koma magazi oloŵa m'mapapo amapezeka ku mbali ya kumanja ya mtima, ndipo madokotala a nthaŵiyo ankakhulupirira kuti kukhudza mtima wa munthu wamoyo ndi chinthu chilichonse kudali kumupha.

Amene adathetsa mantha ameneŵa adali dokotala wachinyamata, Werner Forssmann, amene mu 1929 ankagwira ntchito pa chipatala cha m'tauni ya Eberswalde, kufupi ndi Berlin. Mkulu wake adamuletsa kuyesa maganizo akewo pa munthu aliyense. Namwino wina, Gerda Ditzen, amene ankasunga zipangizo, adavomera kumuthandiza pokhapokha ayesere pa mkono wa iye namwinoyo. Forssmann adamugoneka pa tebulo nam'manga, koma m'malo mwake adabaya mkono wake womwe mankhwala ochititsa dzanzi, nacheka mtsempha wa pa chigongono, naloŵetsamo kachubu kopangidwira matenda a njira ya mkodzo. Kenaka adayenda wapansi kupita ku chipinda chojambulira X-ray, nakankha kachubuko mpaka masentimita pafupifupi 65, ndipo chithunzi chidaonetsa nsonga yake ili m'chipinda cha kumanja cha mtima. Sadafe ndipo sadakomoke. Komabe akuluakulu a zachipatala sadamuyamike; adachotsedwa ntchito pa chipatala chachikulu cha Charité ku Berlin, ndipo pambuyo pake adasiya za mtima nakhala dokotala wa matenda a chikhodzodzo ndi impso.

Ana a sukulu asatengepo phunziro lakuti kusamvera akulu ndiyo njira ya nzeru, pakuti lero palibe kafukufuku wa pa thupi la munthu amene amaloledwa popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa odwala. Phunziro lenileni lidaoneka patapita zaka 12, pamene madokotala aŵiri a pa chipatala cha Bellevue ku New York, André Cournand ndi Dickinson Richards, adatenga njira ya Forssmann naigwiritsa ntchito modekha ndi mwadongosolo, kuyambira mu 1941. Iwo adayeza odwala mtima, odwala mapapo ndi anthu ovulala otaya magazi ambiri, nalemba manambala onse mosamala, kotero kuti masamu a Fick adayamba kugwira ntchito pa anthu. Mu 1956 atatu onseŵa adalandira limodzi mphotho ya Nobel. Kulimba mtima kwa mmodzi kukadapita pachabe pakadapanda kufatsa kwa aŵiri enawo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kachubu koyenda ndi thanga

Machubu oyambawo adali olimbirapo, ndipo kuwatsogolera kunkafuna katswiri ndi makina a X-ray, kotero kuti wodwala kwambiri ankayenera kunyamulidwa kuchoka pa bedi lake. Vutoli lidathetsedwa ndi madokotala aŵiri a pa chipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles: Jeremy Swan, wobadwira ku Ireland, ndi William Ganz, amene adachoka ku Czechoslovakia mu 1966. Swan adafotokoza kuti maganizowo adamudzera tsiku lina ali m'mphepete mwa nyanja ku Santa Monica, akuyang'ana mabwato oyenda ndi mphepo. Adaganiza kuti kachubu kofeŵa katakhala ndi kathanga kunsonga, magazi okha angakakoke monga mphepo ikokera bwato. M'malo mwa thanga adaikapo kabaluni, ndipo adalengeza zotsatira zake mu 1970. Mpaka lero kachubuka kamadziŵika ndi maina a aŵiriŵa.

Kachubu ka Swan ndi Ganz nkotalika masentimita 110, ndipo m'kati mwake muli tinjira tingapo. Dokotala amakaloŵetsa kaŵirikaŵiri pa mtsempha waukulu wa m'khosi, nthaŵi zina pansi pa fupa la m'phewa kapena m'mphechepeche. Nsonga ikaloŵa bwino amapopera mpweya wokwana mililita imodzi ndi theka m'kabaluni, ndipo magazi amakatenga ulendo. Dokotala saona kachubuko, koma amadziŵa pamene kafika poyang'ana mzere wovinavina pa galasi la makina. M'chipinda choyamba cha kumanja manambala amakhala apansi, pakati pa 2 ndi 6. M'chipinda chachiŵiri mzere umalumpha kufika cha pa 25 nugwanso pafupi ndi ziro. Mu mtsempha wa ku mapapo umaonetsa 25 pa 10. Potsiriza kabaluni kamafika pa nthambi yopapatiza nikatsekapo.

Apa mpamene pagona luso lalikulu. Amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi pofuna kulinganiza maziko, chifukwa madzi odikha amaima mofanana ku mapeto onse aŵiri. Kabaluni kakatseka nthambi ija, magazi a kutsogolo kwake amaima nii, kuyambira pa nsonga ya kachubu, kudutsa m'mapapo, mpaka ku chipinda cholandirira cha kumanzere. Motero kachubu kamene kali kumanja kamauza dokotala za kumanzere kumene sikadafike. Mwa munthu wabwino nambala imeneyi imakhala pakati pa 6 ndi 12, ndipo ikakwera kwambiri ndiye kuti mbali ya kumanzere yalephera kuchotsa magazi ndipo madzi ayamba kudzaza m'mapapo.

Kuchuluka kwa magazi oyenda kumayezedwa ndi kuzizira. Namwino amathira mamililita 10 a madzi amchere ozizira kudzera pa kabowo kamene kali masentimita 30 kumbuyo kwa nsonga, ndipo choyezera kutentha chaching'ono cha pafupi ndi nsonga chimamva kuzizirako kukamadutsa. Munthu atathira ndowa ya utoto mu mtsinje wa Bua m'mwezi wa February, utotowo ungasungunuke ndi kupita m'kanthaŵi kochepa. Atauthira mu October madzi ataphwera, ungakhalitse ukuoneka. Makina amaŵerengera chimodzimodzi: kuzizira kukadutsa msanga ndiye kuti mtima ukupopa magazi ambiri, kukachedwa ndiye kuti mtima wafooka.

Phindu la manambalaŵa limaoneka poganizira odwala aŵiri ogona pa mabedi oyandikana, onse ozizira manja, onse BP yawo itatsika. Wina wataya magazi pa ngozi ya ngolo, ndipo akufunika diripi ndi magazi mwamsanga. Winayo mtima wake walefuka, ndipo diripi yomweyo ingam'mize mapapo nkumupha. Kunja akuoneka ofanana, koma m'kati ngosiyana kotheratu.

Pamene chiyembekezo chidachepa

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kachubuka kadafala kwambiri m'zipatala za ku America ndi ku Ulaya, mwakuti m'zipinda za odwala mwakayakaya kankaikidwa ngati mwambo. Padapita zaka zambiri anthu asadafunse mwamphamvu funso losavuta: kodi odwala oikidwa kachubuka amachira kuposa osaikidwa? Mu 1996 Alfred Connors ndi anzake adafalitsa zimene adapeza pa odwala 5,735 m'zipatala zisanu za ku America, ndipo zidaonetsa kuti mwa oikidwa kachubu ndimo mudafa ambiri. Ena adatsutsa kuti mwina oikidwawo ndi amene adali odwalitsa kale. Tsono ku Britain adachita kafukufuku wina pa odwala oposa 1,000, powagaŵa mwamaere m'magulu aŵiri, ndipo zotsatira zake mu 2005 zidaonetsa kuti imfa zidali pafupifupi zofanana mbali zonse. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku America ndi Canada pa odwala 433 a mtima wolefuka adapezanso kuti kachubuka sikadatalikitse moyo.

Zifukwa zake nzomveka. Choyamba, kachubuka nkoyezera chabe, si mankhwala, ndipo nambala yolondola ikapanda kutsatidwa ndi chithandizo choyenera imangokhala inki papepala. Chachiŵiri, kudapezeka kuti madokotala ndi anamwino ambiri sankaŵerenga bwino mizere ija, ndipo nambala yoŵerengedwa molakwa imasokeretsa kuposa kusakhala ndi nambala. Chachitatu, kachubuka kali ndi ngozi zake: kangasokoneze kagundidwe ka mtima, kangaloŵetse tizirombo m'magazi, kangaundanitse magazi, ndipo mwa apo ndi apo kangang'ambe mtsempha wa m'mapapo, chimene kaŵirikaŵiri chimapha.

Komatu sikadatayidwe ai. Kadangobwezedwa pa malo ake oyenera. Lero kamagwiritsidwa ntchito potsimikiza nthenda ya kukwera kwa BP ya m'mapapo, imene malinga ndi malangizo a akatswiri a ku Ulaya a mu 2022 imayambira pamene nambala yapakati yapitirira 20. Kamathandizanso pa odwala amene mtima wawo walephera mwadzidzidzi, pa maopaleshoni ovuta a mtima, ndi pokonzekera kuika mtima wina mwa munthu. Kwa odwala ena onse madokotala adatembenukira ku njira zosaboola thupi, makamaka makina ounikira mtima ndi mafunde a mawu, ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera.

Nanga kwa Kaomba?

Boma la Kasungu lidapezeka ndi anthu oposa 840,000 pa kalembera wa mu 2018. Chipatala chake chachikulu, monga zipatala zina za m'maboma, sichidamangidwire ntchito yoloŵetsa machubu mu mtima, ndipo wodwala amene matenda ake akula amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Kwa zaka zambiri Amalaŵi ofunika opaleshoni ya mtima akhala akudikira mwaŵi wotumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo ena amamwalira dzina lawo likadali pa mndandanda. Woŵerenga angafunse kuti nanga nkhani ya kachubuka ikumukhudza bwanji mlimi wa kwa Kaomba. Yankho lake nlakuti matenda amene amafikitsa munthu pofunika kachubuka amayambira m'mudzi momwemo, zaka zambiri m'mbuyo, pamene akadatha kugwidwa ndi zida zotsika mtengo.

Nthenda yoyamba ndi BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi adali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankadziŵa. Nthendayi siipweteka poyamba. Bambo amalima, amasoka fodya, amapalasa njinga, pamene mtima wake ukukhuthala ndi kutopa mwakachetechete, mpaka tsiku limene adzafa ziŵalo kapena kutupa miyendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mchere wambiri m'ndiwo, moŵa ndi kusuta fodya zimaikulitsa.

Nthenda yachiŵiri imagwira ana a sukulu. Mwana akadwala zilonda za kukhosi zoyamba ndi tizirombo tina totchedwa streptococcus, osalandira mankhwala, thupi lake polimbana ndi tizirombo timeneti lingathe kuyamba kuwononga tizitseko ta mtima wake womwe. Pakapita milungu iŵiri kapena itatu mwanayo amatentha thupi ndi kumva kuŵaŵa m'mfundo, lero bondo, maŵa chigongono. Zikabwerezabwereza, tizitseko timachita zipsera, tina nitipanikizika, tina nitiyamba kudontha. Mtsikana wotere amasiya kuseŵera mpira wamanja chifukwa cha befu, ndipo kaŵirikaŵiri nthendayo imadzaonekera poyera pa mimba yake yoyamba, pamene mtima ufunika kupopa magazi a anthu aŵiri. Madokotala ataunika ana 1,450 m'boma la Lilongwe, adalengeza mu 2016 kuti ana oposa 3 mwa 100 alionse adali ndi zizindikiro zobisika za nthendayi. Pa dziko lonse imapha anthu oposa 300,000 chaka chilichonse, ndipo mu 2018 msonkhano waukulu wa WHO udagwirizana kuti maiko alimbane nayo. Chonsecho penisilini wa mtengo wochepa, woperekedwa pa nthaŵi yake, amaitsekereza isadayambe.

Gulu lachitatu ndi la matenda oumitsa mitsempha ya m'mapapo, amene amatopetsa mbali ya kumanja ya mtima: utsi wa fodya, utsi wa nkhuni m'makhitchini osatuluka mpweya, zipsera za chifuwa chachikulu, kachirombo ka HIV, ndi likodzo la m'matumbo. Ameneŵa ndiwo matenda amene kachubu ka Swan ndi Ganz kamatsimikiza, koma kuwapeŵa kwake kuli m'mudzi.

Makwerero oyenera kukwera mwa dongosolo

Zoyezera mtima zili ngati makwerero. Pansi penipeni pali lamba wa pamkono, amene ayenera kupezeka ali wamoyo, mabatire ake alimo, pa chipatala chaching'ono chilichonse. Pamwamba pake pali diso ndi khutu la wachipatala wophunzitsidwa bwino. Wodwala akagonekedwa motsamira, mtsempha wa m'khosi mwake umaonetsa pamene magazi alekezera, ndipo msinkhu umenewo umanena za kukankha kwa magazi m'chipinda choyamba cha kumanja, nambala yomwe ija kachubu kamayamba kuŵerenga, koma yopezeka popanda kulipira tambala. Pamwamba pake pali makina ounikira mtima, amene masiku ano ena ngaang'ono okwana m'thumba. M'boma la Neno anamwino ndi madokotala othandizira adaphunzitsidwa kusamala odwala mtima pa chipatala cha boma mwa ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, imene maiko 47 a mu Africa adaivomereza pa msonkhano wa WHO ku Lomé, m'dziko la Togo, mu 2022. Zimene zidatheka ku Neno, kumapiri kovuta mayendedwe, sizingakanike ku Kasungu kumene kumadutsa msewu wa M1. Kachubu ka mu mtima kali pamwamba penipeni pa makwererowo.

Alipo amene anganene kuti maganizo otere ndi onyoza amphaŵi: kodi mwana wa tenanti si munthu, kuti iye apatsidwe lamba pamene mwana wa ku Los Angeles akupatsidwa kachubu? Funsoli nlolungama ndipo siliyenera kunyalanyazidwa. Malaŵi afunikadi malo oyezera ndi kukonzera mitima m'dziko momwemuno, monga Tanzania ali ndi Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam, Mozambique ali ndi Instituto do Coração ku Maputo, ndipo Zambia ali ndi National Heart Hospital ku Lusaka. Kachubu sikoyezera kokha ai: dokotala wa ku Japan, Kanji Inoue, adalengeza mu 1984 njira yotsegulira kachitseko kopanikizika ndi baluni, popanda kung'amba chifuwa, ndipo njira imeneyi ingapulumutse atsikana ambiri onga uja watchulidwa kale.

Koma walira mvula walira matope. Chipinda cha ntchito imeneyi chimafuna makina a X-ray apadera, magetsi osazima, machubu ogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha ogulidwa ndi ndalama zakunja, anamwino odziŵa kuŵerenga mizere, ndi madokotala ochita ntchitoyo kaŵirikaŵiri kuti manja asaiŵale. Zimene zidaoneka ku America ndi ku Britain zikuchenjeza kuti chipangizo chotere m'manja osazoloŵera chimavulaza. Nchifukwa chake malo otereŵa ayenera kukhala ochepa koma olimba, pa zipatala zazikulu, ndipo njira yochokera kumudzi kukafika kumeneko ikhale yotseguka kwa wosauka monga kwa wolemera. Kumanga denga nyumba ilibe maziko ndiko kunyoza amphaŵi kwenikweni, pakuti wodwala amene sadayezedwepo BP, ndi mwana amene khosi lake silidaonedwe, sadzafika nkomwe pa khomo la chipinda cha kachubu.

Udindo wa aliyense

Mphunzitsi amaona mwana masiku asanu pa mlungu, kuposa wachipatala aliyense. Mwana akadandaula kukhosi ali ndi thupi lotentha, kapena akamatsimphina ndi mfundo zotupa, kapena akamatsalira m'mbuyo pa maseŵera amene kale ankatsogola, mphunzitsi aitane makolo ndi kuwalimbikitsa kupita naye ku chipatala tsiku lomwelo, osati kungomugulira panado pa golosale. Mwana amene adapezeka kale ndi nthenda ya tizitseko amafunika jakisoni wa penisilini milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri, ndipo sukulu imupatse chilolezo mosavuta pa tsiku la jakisoniyo. Pophunzitsa za thupi la munthu, mphunzitsi angaŵerengetse ana kugunda kwa mitsempha yawo asadathamange ndi atathamanga, kuti aphunzire adakali aang'ono kuti thupi limayezeka. M'mera mpoyamba.

Achinyamata otsiriza Fomu 4 adziŵe kuti makwerero aja akusoŵa anthu pa sitepe iliyonse. Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences zimaphunzitsa madokotala, anamwino ndi akatswiri ojambula m'thupi, ndipo makina a m'zipatala amafunanso amisiri owakonza. Kasungu ndi kwawo kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, pa nthaŵi imene njira ya sukulu idali yopapatiza koposa lero. Mwana wa m'boma limeneli alibe chifukwa choganizira kuti ntchito ya mtima ndi ya anthu a maiko ena.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi eni maesiteti nawo ali ndi mbali yawo. Pamene pasonkhana anthu, kaya pa msika, pa tchalitchi, pa mzikiti kapena pa tsiku lolipira matenanti, pangakhalenso wachipatala ndi lamba wake. Wamkulu aliyense ayezetse BP kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino, ndipo wopezeka ndi manambala ofika 140 pa 90 mobwerezabwereza atsate malangizo a kuchipatala, osasiya mankhwala chifukwa chakuti mutu waleka kuŵaŵa. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Mlimi uja wa fuluu sapachika choyezera m'balani kuti azingochisirira. Amadzuka pakati pa usiku kukachiŵerenga, ndipo akaona kuti chatsika amawonjezera nkhuni, akaona kuti chakwera amatsegula mazenera. Amatero chifukwa adziŵa mtengo wa fodya wake. Anthu a kwa Kaomba, amene sangalole belo lawo kugulitsidwa lisadakwere pa sikelo, sayenera kulola mitima yawo ndi ya ana awo kutha zaka makumi osayezedwa, ndipo akayezedwa achitepo kanthu pa zimene muyesowo wanena.